Mmene Ndidaotchera Chikombole Pamodzi ndi Njerwa

Aliyense amene adaimapo pafupi ndi nkhando nthawi ya chilimwe, naona anyamata akuumba njerwa, adziwa kuti pa zida zonse za ntchito imeneyo palibe cholemekezeka koposa chikombole. Pakuti khasu likathyoka mpini mubwereka kwa mnansi, ndowa ikabooka muimata ndi phula, koma chikombole, chimene mmisiri adachikhoma ndi matabwa atalinga bwino m'litali ndi m'lifupi, ndicho mayi wa njerwa zonse, ndipo woumba wanzeru akakhuthula njerwa yake pabwalo amachitsuka, nachiwaza mchenga, kuti chibwerere ku dothi chili chopanda kanthu. Sindidamvepo, ngakhale pakati pa zidakwa za m'mudzi mwathu, za munthu amene adasiya dothi kuti liume m'chikombole momwemo, nanyamula zonse pamodzi kukaziika mu uvuni. Munthu woteroyo ndidadzamudziwa mochedwa, nditamera kale imvi, ndipo ndiye amene akukulemberani mawu ano.

Ine ndine mlembi wa mpingo wa kwathu, ndipo udindo umenewu sadandipatse chifukwa cha kuyera mtima, pakuti pa nkhani imeneyo alipo ambiri ondiposa, koma chifukwa chakuti pa unyamata wanga ndidagwirako ukalaliki mu ofesi ina ya boma, ndipo anthu a kwathu amakhulupirira kuti munthu amene adakhalitsa pakati pa mapepala, mapepalawo amamumvera monga agalu amvera mlenje. Masiku amenewo kalata inali ndi thupi. Unkailowetsa m'taipulaita pamodzi ndi kaboni ndi pepala lina lopyapyala kumbuyo kwake, ndipo pomaliza kugogoda zinkatuluka ziwiri, ina yopita kwa mwini wake, ina yotsala, imene tinkaiboola pangodya, kuimanga ndi kachingwe m'fayilo, ndi kulemba nambala yake m'buku lalikulu la kaundula. Makalata ofanana mawu, monga a tchuthi ndi oitanira anthu ku misonkhano, tinkawadinda ambirimbiri pa makina a Gestetner, opukusa ndi dzanja, titasiya timadontho pa malo a dzina ndi tsiku. Ndipo kalaliki, ngakhale akhale wosokonezeka mutu chotani, sakadatha kuipitsa sitensulo polemba dzina la munthu pa pepala limene latuluka kale m'makina. Adani a makalata athu anali odziwika, ndiwo chiswe, makoswe ndi denga lodontha, ndipo pa mndandanda umenewo kalaliki panalibe.

Tsono kudachitika kuti mwana wina wa mumpingo mwathu, amene Mulungu adamtsegulira njira ku Johannesburg, adakumbuka kwawo, natumiza kompyuta ndi makina osindikizira kuti ntchito ya mlembi ipepuke. Akulu a mpingo adaipempherera, amayi adaisokera kansalu koiteteza ku fumbi, ndipo ine, pokumbukira kuti safunsa adadya phula, ndidaitana mwana wa mlongo wanga, mnyamata wophunzira, amene m'malo monditchula atsibweni monga mwa mwambo wa makolo amanditchula ankolo. Iyeyu anali pa changu, monga alili anyamata onse a masiku ano, amene amafika pakhomo phazi limodzi litaloza kale kumsewu, choncho atanditsegulira Microsoft Word adandisiyira lamulo limodzi lokha, nati, "Ankolo, magetsi athuwa mukuwadziwa. Chilichonse mukalemba muzidina Ctrl ndi S pamodzi, apo ayi akangothima ndiye kuti ntchito yonse yalowa m'madzi." Ndivomereze pamaso pa owerenga kuti pa malamulo onse amene ndidalandira chibadwire, kuphatikizapo khumi aja, palibe limene ndidalisunga mokhulupirika ngati limeneli.

Ntchito yaikulu ya mlembi ndiyo kalata yosamukira, imene Mkhristu amanyamula pochoka kwathu kunka ku mpingo wina, yomchitira umboni kuti ndi wobatizidwa, kuti amadya mgonero, ndi kuti sadathawe mlandu, kuti abale a kumeneko amulandire ndi manja awiri. Ndidatha madzulo atatu ndikusema kalata yotere ndi zala ziwiri, ndikuika moni woyenera pamwamba ndi madalitso pansi, kufikira idakoma kotero kuti ine mwini poiwerenga ndidakhumba kusamuka. Woyamba kuilandira anali mayi wina wachikulire amene ankatsatira mwana wake ku Mzuzu. Ndipo popeza ndinkamulemekeza kwambiri, ndidamuonjezera ndime yapadera chakumapeto, yonena kuti mwini kalatayi ndi wamasiye, kuti walera yekha ana asanu ndi mmodzi m'kuopa Mulungu, ndi kuti m'bungwe la amayi wakhala mzati wosagwedezeka. Nditasindikiza ndidadina Ctrl ndi S, ndipo kompyuta itandifunsa dzina la chimene ndalembacho, ndidadabwa nalo funso lachibwana chotere, ndi kuyankha kuti "kalata", pakuti inalidi kalata.

Kuyambira pamenepo ntchito idapepukadi. Munthu akabwera kudzatsazika, ndinkatsegula "kalata" ija, kufufuta dzina la wapitayo, kulemba la watsopanoyo ndi kumene akupita, kusindikiza, ndi kudina mabatani anga awiri aja ndi mtima wa munthu amene wapereka chakhumi chake chonse. Ndime ya mayi wamasiye ija inali m'munsi, kumene galasi silinkafika pokhapokha munthu atapukusa kagudumu ka pa kachipangizo kaja kamene Azungu adakatcha mbewa ngakhale kuti sikadyedwa. Ndipo ine, amene sindinkafuna kuvutitsa makina a mpingo popanda chifukwa, sindinkapukusa. Abusa nawo, pondikhulupirira monga kalaliki wakale wa boma, ankasaina akuyang'ana kumwamba, akukamba za mtengo wa feteleza.

Pano ndiyenera kuchitira umboni chilankhulo chathu, kuti ndi chachifundo, ndi chodziwa kuphimba mlembi wake monga adachitira ana awiri aja a Nowa. Chingerezi chimasiyanitsa mwamuna ndi mkazi m'timawu tating'onoting'ono tomwe, kotero kuti kalata ya mayi ikapatsidwa kwa bambo imafuula yokha pa mzere woyamba; koma kwa ife "iye" ndi iye basi, "wake" ndi wake, ndipo ngakhale umasiye sutchula kuti wasiyidwayo wavala buluku kapena chitenje. Motero anthu oposa makumi atatu, amuna ndi akazi, achikulire ndi ongotha kumene msinkhu, adatuluka pa mpingo wathu nabalalika m'dziko lonse lino, ku Kasungu, ku Zomba, ku Nsanje, aliyense atasenza umasiye ndi ana asanu ndi mmodzi, ndipo padalibe wodandaula. Chimenechi chikundipatsa chitonthozo china, chakuti alembi a mipingo ina nawonso sawerenga makalata kufika kumapeto.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Panali mnyamata wina wa m'kwaya, wodekha, wosadziwa ndi khomo la mowa lomwe, amene adapeza ntchito ku Lilongwe. Ndipo monga tidadzamva pambuyo pake, sinali ntchito yokha imene inkamukokera kumeneko, pakuti mumpingo umene ankasamukirawo munali namwali amene ankhoswe a mbali zonse ziwiri anali atayamba kale kukambirana za iye. Tsoka lake ndi langa lidali lakuti mlembi wa kumeneko ndi munthu wa khama, wa mtundu uja umene umawerenga ngakhale mawu a pa thumba la shuga. Tsiku la Sabata adamuimiritsa mnyamatayo kutsogolo, navala magalasi, nawerengera mpingo wonse kalata yanga ndi mawu okweza, osadumpha kadontho. Amene analipo akuti pofika pa umasiye amayi ena adapukusa mitu ndi chisoni, poona munthu wamng'ono chotero ataferedwa. Pofika pa ana asanu ndi mmodzi, mayi ake a namwali uja adayamba kufunafuna nsapato zawo pansi pa benchi. Koma pofika pa bungwe la amayi, m'kachisi monse mudangoti zii, ndipo ngakhale makanda adaleka kuyamwa.

Madzulo a tsiku lomwelo foni yanga idalira. Mnyamatayo, pokhala woleredwa bwino, adayamba wandifunsa za moyo wanga, za mayi a kunyumba ndi za mvula, ndipo atamaliza zonsezo adati, "Abambo, ana mwandipatsawa ndalandira, koma ndimafuna ndidziwe kuti ndikawapeza kuti, chifukwa apongozi akufuna kuwaona." Mayi a kunyumba, amene adamva zonse ali chisendere mtedza pakhonde, adadikira kuti ndikhale pansi, nati, "Bambo a ana, ine ndakhala nanu zaka zonsezi ndikudziwa kuti mukatumidwa mchere mumabwera ndi machesi. Koma zoti mungathe kuphera mwana wa eni mkazi asanamukwatire n'komwe, ndi kumuberekera ana asanu ndi mmodzi tsiku limodzi, zimenezo ndiye ndaziona lero."

Usiku womwewo ndidalemba kalata yopepesa, yodzichepetsa kufikira pa fumbi, ndipo owerenga anzeru adziwa kale kumene ndidailemba. Ndidatsegula "kalata", ndidafufuta zonse zimene zinalimo kuti choipacho chichotsedwe pakati pathu, ndidalemba kupepesa kwanga, ndi kudina Ctrl ndi S. Ukwati udapulumuka, ngakhale kuti mnyamatayo mpaka lero anzake amamutcha amayi a bungwe. Patapita milungu iwiri mayi wa ku Mzuzu uja, mwini wake weniweni wa umasiye ndi ana aja, adatumiza mawu kuti kalata yake idanyowa ndi mvula ndipo akupempha ina. Ndipo pamene ndidatsegula fayilo kuti ndimusindikizire, sindidapezemo iye, kapena wina aliyense wa makumi atatu aja, kapena moni wanga wokoma wa madzulo atatu, koma ine ndekha ndikupepesa. Pamenepo ndi pamene maso anga adatseguka, ndi kuona kuti nthawi yonseyi ndinkaika anthu a Mulungu m'manda amodzi, wina pamwamba pa mnzake, ndi kuti potsiriza ndidadziikamo ndekha ndi kukwirira.

Mwana wa mlongo wanga atabwera adaseka kufikira misozi, chinthu chimene m'masiku a makolo chikadamulipitsa mbuzi, kenaka nati, "Ankolo, pali Save ndi Save As. Save imalemba pamwamba pa zakale, zakalezo n'kutheratu. Save As imasiya zakale mmene zilili, n'kukupatsani fayilo ina ya dzina lina. Mu Word mungodina F12, ndipo muzidina musanakhudze chilembo ngakhale chimodzi, chifukwa zala zanuzo ndazidziwa." Ndidamufunsa chifukwa chake sadandiuze zimenezi poyamba paja, ndipo adayankha kuti sindidafunse. Mwambi uja ndidauganizira usiku wonse, ndi kupeza kuti makolo adausiya wosamaliza, pakuti alipo wina amene adafunsa theka, nadya phula lomwelo ndi mtima wokhazikika.

Kuchokera tsiku limenelo ndidasanduka kholo lobereka kwambiri, ndipo ndidazindikira chifukwa chake agogo athu sankathamangira kutcha mwana dzina, koma ankayembekeza kuti mchombo ugwe ndi kuti mayi atuluke m'chikuta, pakuti dzina ndi chinthu cholemera, chofunika kuchigonera. Kompyuta ilibe chipiriro chotere. Mwana asanasambitsidwe n'komwe, yatsegula kale kabokosi, ikufuna dzina. Wachisamba ndidamutcha "kalata 2", wotsatira "kalata 3", ndipo manambala atanditopetsa ndidabereka "kalata yatsopano", "kalata yatsopano ina", "kalata ya mayi uja", ndi, popeza amayi aja ndi ambiri mumpingo, "kalata ya mayi uja wina". Koma chisokonezo chenicheni chidadza ndi lipoti la pa chaka. Nditalimaliza ndidalitcha "lipoti lomaliza". Abusa atakonzamo mawu ena lidakhala "lipoti lomaliza lenileni". Msungichuma atapeza kuti ndalama za denga ndazilemba kawiri lidabadwa "lomaliza lenileni lokonzedwa". Ndipo pambuyo pa zonsezi padadza lina lotchedwa "ili ndiye", monga banja limene limalengeza kwa abale kuti uyu ndi chitsirizira, chaka chamawa mayi ali ndi pakati. Pa msonkhano waukulu ndidaimirira ndi kuwerenga "ili ndiye", denga ndi kulifolera kawiri pamaso pa anthu onse, pamene lipoti lolondola lidali chigonere m'fayilo yotchedwa "osatsegula".

Mwana wa mlongo wanga uja adandiuza kuti kale, m'masiku a MS-DOS, dzina la fayilo silinkapitirira zilembo 8, kuonjezerapo 3 za kumchira kuseri kwa kadontho, kufikira Windows 95 itabwera m'chaka cha 1995 ndi kulola mayina otalika mpaka zilembo 255. Iye ankanena zimenezi monga nkhani ya ukapolo ndi chiombolo, koma ine ndidausa moyo, pakuti ndidaona kuti m'zilembo 8 mukadakwana "kalata" ndi manambala awiri basi, ndipo munthu wa mtundu wanga akadatetezedwa ku ndakatulo. Komabe ufuluwo uli ndi zosala zake, ngati mankhwala a sing'anga. Tsiku lina nditapeza fayilo imene sindinkaikumbukira, ndidafuna kuitcha moona mtima kuti "kodi iyi ndi iti?", koma Windows idakana, pakuti chizindikiro cha funso ndi chimodzi mwa zizindikiro 9 zimene siilola m'dzina, pamodzi ndi kanyenyezi, timadontho tiwiri tosanjikizana, ndi kamzere kopendekeka kaja kamene ife akalaliki tidazolowera kuika pakati pa tsiku, mwezi ndi chaka. Makina amene amandifunsa mafunso tsiku lonse salola kuti ine ndifunse limodzi.

Ndidayesa kuika mayina a miyezi patsogolo, poganiza kuti mafayilo afola monga mwa nyengo zake. Koma kompyuta sidziwa dzinja kapena chilimwe, idziwa alifabeti yokha, ndipo idandikonzera chaka chachilendo choyamba ndi Disembala, chotsatiza Epulo ndi Febuluwale, chofika pa Januwale mwezi wachinayi, ndi kutha ndi Sepitembala, kotero kuti m'kaundula wanga Khirisimasi ndi Pasaka zidakhala pa khomo limodzi. Mankhwala ake, adatero mwana wa mlongo wanga, ndiwo kulemba manambala okhaokha, chaka poyamba, mwezi pakati, tsiku potsiriza, monga 2024-03-05, kenaka dzina la munthu ndi kumene akupita. Ndipo kalembedwe kameneka ndi muyeso umene maiko adagwirizana, wotchedwa ISO 8601. Kwa ife amene pofotokoza kwathu timayamba ndi mudzi, kenaka mfumu yaikulu, ndi kutsiriza ndi boma, kuyamba ndi chachikulu kuli ngati kulowa m'nyumba chafutambuyo. Koma ndidagonja, ndipo mafayilo adafoladi ngati ana a sukulu.

Chidatsala ndi zala zanga. Kawiri konse, ngakhale ndidamata kapepala kolembedwa F12 pa galasi, zidathamangira ku Ctrl ndi S mutu usanadzuke, pakuti chimene dzanja lidazolowera silipempha chilolezo. Pamenepo mnyamatayo, ataona kuti munthu sangakonzeke, adaganiza zokonza fayilo. Adalembanso kalata yoyera, pa dzina naikapo "A UJE" ndi zilembo zikuluzikulu, pa malo naikapo "KWAKUTI", ndipo m'kabokosi ka Save As komweko, pa mzere wosankhira mtundu wa fayilo, adasankha Word Template, kotero kuti mchira wake udakhala .dotx m'malo mwa .docx, michira iwiri imene idabwera ndi Word ya 2007. Fayilo yotere ukaidina kawiri siitseguka iyo mwini, koma imakutulutsira ina yofanana nayo, yopanda dzina, yolembedwa Document1 pamwamba. Ndipo ukadina Ctrl ndi S, ngakhale mwaukali chotani, kompyuta imangokufunsa modzichepetsa kuti mwanayu dzina lake ndani, mayi wake ali phee. Nditamvetsa ndidaomba m'manja ndi kunena kuti, "Mphwanga, chimenechi ndi chikombole!" ndipo tidachitcha dzina lomwelo. Kuti sabata yoyamba mkulu wina adanyamula kalata yochitira umboni a Uje, amene akusamukira Kwakuti, imeneyo ndi nkhani yaing'ono, pakuti adaibweza asanakwere minibasi.

Mtendere udakhala chaka chathunthu, kufikira abusa athu adasamutsidwa ndipo kudabwera ena. Dzina la akale aja lili m'chikombole, pansi pa madalitso; ndikalikonza, ndakonza pa njerwa yokha, ndipo yotsatira imatuluka ndi abusa akale omwewo, monga ngati sadatsazike. Mwana wa mlongo wanga, amene tsopano naye ali ku Johannesburg, adanditumizira mawu pa WhatsApp kuti nkhaniyi ndi yaing'ono: ndidine chikombolecho ndi batani la kumanja la mbewa, ndisankhe Open, ndipo chidzatseguka icho chenicheni, ndikonze dzina ndi kusunga. Mawuwo ndawamvetsera kasanu, ndipo kawiri ndafika mpaka pa Open, chala chili m'mwamba. Koma ndikakumbukira kuti dzanja lomweli lidapha mkazi wa mwini asanakwatiwe, ndimalibweza ndi kuliika m'thumba. Ndidasankha kumakonza njerwa iliyonse payokha, ndipo ndakhala ndikukumbukira nthawi zonse, kupatula Lamulungu lapitali.

Abusa atsopanowa, amene zikuoneka kuti wina adawanong'oneza mbiri yanga, amawerenga chilichonse kuyambira pa moni kufikira pa kadontho kotsiriza. Adagwira kalatayo nthawi yaitali, nandiyang'ana pamwamba pa magalasi, nati, "Alembi, kodi ine ndidafika kale pa mpingo uno, kapena ndikadali m'njira?" Ndidayankha ndi ulemu wonse kuti, "Mudafika, abusa, ndipo tidakulandirani. Koma m'chikombole ndiye simunalowe." Adatulutsa cholembera, nakhwatcha dzina la mnzawo, nalemba lawo pamwamba pake, nasaina, ndipo pondibwezera pepalalo adandipempha mwaulemu kuti likadzafika tsiku lawo losamuka, kalata yawo ndidzawalole alembe okha ndi dzanja.